Mtolo ndi Mphotho za Wophunzira Unamwino Pakati pa Minda ya Tiyi

Munthu wochokera ku Limbe pa msewu wa ku Thyolo, akapitirira msika wa Bvumbwe ndi milu yake ya tomato ndi kabichi, nafika pa boma, napatuka kulunjika ku Makwasa, amayenda mtunda wautali pakati pa minda ya tiyi yobiriwira dzinja ndi chilimwe chomwe, yosadzidwa bwino kufikira kumene maso alekezera, kotero kuti mlendo wosadziwa za kuno angayese kuti m'dziko lokoma chotere simulowa nthenda kapena usiwa. Koma akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuseri kwa minda imeneyo kuli malaini a antchito a m'maesiteti ndi midzi yothithikana ya anthu osowa polima. Kuli amayi apakati amene akusenzabe dengu kumsana, ana otentha thupi ndi malungo, ndi nkhalamba zotsokomola usiku wonse chiperoni chikatsika. Ndipo pakati pa zonsezi, pa Makwasa pomwepo, pali chipatala cha Malamulo ndi sukulu yake, kumene ana a dziko lino akhala akuphunzira kusamala odwala kwa zaka zoposa 80.

Anthu akaona mtsikana kapena mnyamata atavala yunifolomu yoyera mbee, wotchi ili pachifuwa, amati uyu ndiye wodala, wapeza njira yotulukira mu umphawi. Ndipo sanama kwenikweni. Chimene sachiona ndi mtolo umene mwanayo wasenza, umene suli wa mabuku okha, koma wa ngongole za makolo ake, wa maliro amene maso ake aona asanakhwime, ndi wa ntchito ya anthu atatu imene nthawi zina imagwera iye yekha asanatsirize n'komwe maphunziro.

Malo a Malamulo ali ndi mbiri yaitali. Joseph Booth, mmishonale yemwe uja amene anatenga John Chilembwe kunka naye ku America, ndiye anayamba mishoni pamenepa m'dzina la mpingo wa Seventh Day Baptist, naitcha Plainfield. M'chaka cha 1902 a Seventh-day Adventist anagula malowo, natumizako Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, pamodzi ndi banja lake, ndipo mu 1907 dzina linasinthidwa kukhala limene tilidziwa lero. N'koyenera kuti ophunzira alero akumbukire kuti ntchito ya chipatala pano inakhazikika m'manja mwa namwino dokotala asanafike, pakuti Irene Fourie anatsegula kachipatala kakang'ono mu 1915, ndipo dokotala woyamba, Carl Birkenstock, anadza patapita zaka ngati 10. M'masiku amenewo mbiri ya malowa inamveka kutali chifukwa cha akhate, anthu amene abale awo enieni ankawaopa ndi kuwamangira tizisakasa kunja kwa mudzi, koma pano analandiridwa, natsukidwa zilonda, nabayidwa jakisoni wa mafuta a chaulmoogra, amene ndiwo anali mankhwala a nthawi imeneyo. Popeza odwala anachuluka koposa manja a amishonale ochepa aja, mu 1938 anayamba kuphunzitsa ana a kuno ntchito yothandiza m'chipatala, ndipo kuchokera pamenepo inakula sukulu imene lero itchedwa Malamulo College of Health Sciences, nthambi ya Malawi Adventist University. Ili m'gulu la sukulu za mipingo za bungwe la CHAM, pamodzi ndi ya Mulanje Mission, ya Holy Family ku Phalombe, ya St Joseph's ku Nguludi ndi ya Trinity ku Muona. Ndipo sukulu zotere ndizo zaphunzitsa ambiri mwa anamwino amene mumawapeza m'zipatala zazing'ono za kumidzi, kumene dokotala amangomveka dzina.

Khomo lolowera ku maphunziro amenewa ndi lopapatiza. Pamafunika satifiketi ya MSCE yokhoza bwino Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi, ndipo mwana wa wothyola tiyi, amene anayenda pansi m'mame tsiku ndi tsiku kunka ku sekondale yoyendera, kumene kawirikawiri kulibe chipinda choyeseramo za sayansi, ayenera kupikisana ndi anzake a m'tawuni amene anakula magetsi akuyaka m'nyumba. Akapambana, kalata yomuitana nifika, chimwemwe chimakhala cha tsiku limodzi. M'mawa mwake mbumba yonse imasonkhana, atsibweni ali pampando, kuwerengera kumene fizi ichokere. Malipiro a wothyola amatsata kulemera kwa masamba amene kapitawo wayeza pa sikelo, ndipo ambiri amalembedwa ntchito nyengo ya mvula yokha, tiyi akamaphukira msanga. Nthochi zimene kale zinkaphunzitsa ana a ku Thekerani ndi Molere zinasakazidwa ndi matenda a chisaka. Tsono chotsala ndi kugulitsa mbuzi, kugulitsa nandolo asanakwere mtengo, kukongola ku banki m'khonde, kapena, pakavutitsitsa, kugwa m'manja mwa akatapila. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti inanso mu November 2023, zonse zinakwera pamodzi, sopo, nsapato, mapepala, thiransipoti, pamene ndalama ya pa dengu inkakwawa pambuyo. Wophunzira wotere amalowa m'kalasi akudziwa mtengo wa phunziro lililonse, ndipo mayeso akamayandikira saopa kulephera kokha, koma nkhope ya amayi ake.

Sizinali chotere nthawi zonse. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, pamene Edzi inkatenga antchito a zaumoyo pamodzi ndi odwala awo, ndipo anamwino ambiri odziwa ntchito ankakwera ndege kunka ku Britain, boma linavomera kuti zinthu zafika poipa, ndipo mu 2004 linayamba ndondomeko ya padera, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi thumba la Global Fund, imene inawonjezera malipiro a antchito a zaumoyo ndi 52 peresenti, nilipirira ophunzira m'sukulu za CHAM. M'zaka zimenezo ana ambiri a anthu osauka analowa unamwino popanda kugulitsa munda. Ndalama za ndondomekoyo zitatha, thandizo linayamba kudza mwa apo ndi apo, ndipo mtolo unabwerera pamutu pa makolo.

Za m'kalasi sitichulukitsapo mawu, pakuti n'zofanana kulikonse: maina a mafupa ndi mitsempha m'chilankhulo chachilendo, kuwerengera mlingo wa mankhwala molingana ndi kulemera kwa mwana, kuyeserera kubaya ndi kuika diripi pa chidole chimene sichilira. Zaka zitatu za dipuloma ya unamwino ndi uzamba zimagawidwa pakati pa kalasi ndi wodi, ndipo sukulu yeniyeni ili ku wodi.

Chaka cha chipatala ku Thyolo chimayenda pamodzi ndi chaka cha tiyi. Kuyambira December kufikira April, pamene minda ifuna manja ambiri, ndi pamenenso nkhokwe zili mbee, udzudzu uli ponseponse, ndi madzi a m'zitsime ali oipa. Choncho wodi ya ana imadzaza ndi malungo, kuchepa kwa magazi ndi kutsegula m'mimba, ndipo mayi amene wagona pansi pa bedi kudikirira mwana wake akuwerenganso masiku a malipiro amene akumupita. Mu June ndi July kumadza chibayo, ndi ana opsa ndi moto umene anagona akuwotha. Pakati pa izi pali mabala a chikwanje, kulumidwa ndi njoka, misana yowawa chifukwa cha dengu, ndi ngozi za njinga zamoto za kabaza pa misewu yoterera. Wophunzira amene ali ndi maso amazindikira msanga kuti sakuchiza nthenda yokha, koma munthu amene ali ndi kapitawo womudikira, ana osiyidwa kwa agogo, ndi ulendo wa mapiri wobwerera kwawo. Ndipo akapanda kumva zimenezi, adzalangiza mayi kuti apume milungu iwiri ndi kudya mazira ndi mkaka, mayiyo nadzavomera mwaulemu, natuluka osadzabweranso.

Koma pamene mtima wa wophunzira umayesedwa koposa ndi m'chipinda chochiriramo amayi. Mwa mwambo wa makolo athu, za m'chikuta zinali za azamba ndi anamkungwi, amayi aakulu amene anabereka naona zambiri. Namwali wosabereka sankayandikira, ndipo mwamuna ndiye sankatchulidwa n'komwe. Lero mtsikana wa zaka 20, kapena mnyamata wopanda ndevu, pakuti amuna akhala akulowa unamwino kuyambira m'zaka za m'ma 1980, amaima pamaso pa ntchembere ya ana asanu, naiuza kagonedwe ndi nthawi yokankha. Si chachilendo kuti ntchembereyo imuyang'ane kuyambira kumutu kufikira kumapazi, niti, "Kodi iwe mwanawe, unaberekapo?" Funso limeneli liyenera kuyankhidwa ndi ulemu wa mwana kwa kholo lake, ndi "pepani mayi" wochokera pansi pa mtima, koma manja osaleka ntchito, pakuti chimene mwanayo akudziwa, ntchembere ija sichidziwa. Iye waphunzira kumvera kugunda kwa mtima wa khanda lili m'mimba mphindi 30 zilizonse, kulemba pa tchati mmene njira ikutsegukira kuti azindikire msanga ngati matenda atalika, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kudziwa kuti mutu wowawa ndi maso ochita chidima ndi mithenga ya kukomoka, kubaya oxytocin mwana akangobadwa kuti mayi asataye magazi, ndi kupopa mpweya m'mapapo a khanda lobadwa osalira mphindi yoyamba isanathe. Buku lake la umboni liyenera kudzaza ndi chiwerengero cha amayi amene wawachiritsa ndi manja ake, mzamba wamkulu atasainira. Ndipo chifukwa cha ichi ophunzira amagona pabenchi usiku, kudikira, pamene anzawo a maphunziro ena ali m'tulo.

Ntchito imeneyi yakula kwambiri m'masiku athu. Boma litaletsa azamba a kumudzi kuchiritsa amayi mu 2007, mafumu nalimbikitsa kuti aliyense wapakati akachirire ku chipatala, zinafika poti pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016, ana 91 pa 100 alionse ankabadwira m'zipatala. Ndi chinthu chabwino ndithu, koma walira mvula walira matope: amayi anadza, manja owalandira sanachuluke mofanana.

Apa ndipo pagona nkhani yanga yeniyeni, ndipo ndiinena poyera. M'zipatala zambiri za dziko lino, kumene namwino mmodzi amayang'anira wodi yonse usiku, wophunzira akafika amalandiridwa monga mpumulo, osati monga mwana wodzaphunzira. Amapatsidwa thireyi ya mankhwala, nasiyidwa; akakayika alibe womufunsa, pakuti namwino uja ali ku mapeto ena a wodi ndi wodwala amene akutsirizika; akalakwa, mlandu ndi wake ndi wa sukulu yake; akachita bwino, palibe amene waona kuti amuuze. Sindikunena izi podzudzula anamwino, amene iwonso atopa kufikira m'mafupa, ndipo ambiri a iwo amagawa nthawi imene alibe kuti aphunzitse. Ndikunena za dongosolo limene laika ana pamalo pa antchito amene boma silinawalembe. Anthu a ku Thyolo amadziwa bwino kuti tiyi wongowokedwa kumene sathyoledwa monga wamkulu, koma amasadzidwa ndi kuleredwa zaka zingapo kuti tsinde likhwime, ndipo womuthyola msanga amapeza dengu limodzi lero nataya zokolola za zaka makumi. Wophunzira wosiyidwa yekha amaphunzira njira zachidule, ndi kuuma mtima kumene kumabisa mantha. Ndipo tikadzamva mawa anthu akudandaula pa wailesi kuti anamwino ena ndi amwano, tidzifunse kuti mwano umenewo anauphunzira usiku uti, ndipo ndani anali naye.

Palinso zoopsa za thupi. Singano yobayira wodwala ikhoza kulasa chala cha wobaya, ndipo pamenepo ayenera kunena msanga, osabisa chifukwa cha manyazi, kuti ayambe kumwa mankhwala oteteza ku HIV maola 72 asanakwane, nawamwe masiku 28. Chifuwa chachikulu chimayenda mumpweya wa m'wodi. Magolovesi amatha. Amene anali m'zipatala pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, ndi pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi milatho m'chigawo cha kummwera mu March 2023, anaona m'miyezi yochepa zimene ena saziona moyo wawo wonse.

Ndipo pali imfa yoyamba. Palibe phunziro la m'kalasi limene lingakonzekeretse mwana wa munthu kutseka maso a wodwala amene dzulo lomwe ankamutcha "a nesi" ndi kumufunsa za kwawo, kumanga chibwano, kukulunga thupi m'chitenje chimene mwini wake anadza atafunda, ndi kumva kulira kwa amayi odikirira odwala kukuyenda m'khonde kuperekeza mtembo. Kwathu mwana sayandikira mtembo; apa akuusambitsa. Akatuluka m'wodi dzuwa likutuluka, amayembekezeka kusamba, kugona pang'ono, ndi kuwerenga za mayeso a mawa.

Nanga amapirira bwanji? Kunena zoona, amapirira chifukwa cha anzawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ophunzira amadziwa ichi kuposa aphunzitsi awo: amawerenga m'timagulu, wodziwa masamu a mankhwala nathandiza wodziwa za uzamba, amagawana sopo, shuga ndi mayunitsi a foni, amene watumiziridwa kandalama kuchokera kwawo pa Airtel Money kapena pa Mpamba sadya yekha. Amene afulumira kupeza namwino wamkulu woleza mtima, namumamatira, namufunsa ngakhale zimene zioneka zopusa, ndiwo amakhwima msanga, pakuti safunsa anadya phula. Pa Malamulo, dzuwa likalowa Lachisanu mabuku amatsekedwa kufikira madzulo a Sabata, ndipo ngakhale wophunzira wa mpingo wina amapeza kuti tsiku lopuma mokakamizidwa, la nyimbo ndi kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa minda, limabweza mphamvu imene khofi wa usiku sangaibweze. Koma wodi siidziwa Sabata, ndipo amene ali pa ntchito tsiku limenelo amakumbutsidwa kuti Mwini Sabata anachiritsa odwala pa tsiku lomwelo. Chimene chisowekabe kwambiri, m'kuona kwanga, ndi malo okambirana za imfa ndi mantha popanda kuyesedwa wofooka. Namwino wamkulu amene angakhale pansi ndi wophunzira mphindi zochepa pambuyo pa maliro, namufunsa mmene mtima wake ulili, wachita ntchito yoposa phunziro la tsiku lonse.

Tsono mphotho yake ndi yotani, kuti ana apitirire kulimbirana khomo lopapatiza lija? Ina ndi yooneka ndi maso: tsiku limene mtsempha wa mwana wofooka upezeka pa kubaya koyamba, khanda lobadwa masiku osakwana limene lasungidwa pachifuwa cha amake mwa njira ya kangaroo, nilemera tsiku ndi tsiku kufikira lituluka, ntchembere ija yofunsa ngati unaberekapo, imene pambuyo pake ikugwira dzanja niti "zikomo mwanangu," kapena kudzakusaka pa tsiku la sikelo ndi chipande cha nthochi. Ina ili m'mawerengero a dziko. M'chaka cha 2004 amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira chifukwa cha uchembere. Pofika 2010 anali 675, ndipo pofika 2016 anali 439. Chiwerengerocho chikadali chachikulu mochititsa chisoni, koma kutsika kwake kunadutsa m'manja mwa azamba, ambiri a iwo ophunzitsidwa m'sukulu za mishoni ngati iyi. Boma la Thyolo lili ndi umboni wake wapadera: bungwe la Médecins Sans Frontières, limene linadza kuno mu 1997, linayamba kupereka ma ARV mu 2003 pamodzi ndi unduna wa zaumoyo, ndipo popeza madokotala anali owerengeka, ntchito yoyambitsa odwala pa mankhwalawo inaperekedwa kwa anamwino ndi othandiza madokotala m'zipatala zazing'ono; pofika 2007 ambiri mwa ofunika mankhwalawo m'boma lonse anali akuwalandira, ndipo maiko ena anadzaphunzira za Thyolo. Anthu amene anali atayamba kugawa katundu wawo anadzuka, nabwerera ku minda. Monga azamba aja a Aheberi, Sifra ndi Puwa, amene maina awo akumbukika pamene dzina la Farao wawo silinalembedwe, anamwino a zaka zimenezo anasunga mtundu ndi moyo.

Chomvetsa chisoni ndi chimene chimadikira ambiri kutsidya la mayeso. Akatsiriza zaka zake, nakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, nalandira chiphaso, mwana uja amabwerera ku malaini kukadikira kuti boma lilengeze za ntchito. Ena amadikira chaka, ena zaka, akugwira maganyu a masiku ochepa m'zipatala kapena kugulitsa kaunjika pa Luchenza, pamene wodi zimene anaphunziramo zikusowabe anthu. Bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula za ichi kwa nthawi yaitali, kufikira pokamba zowapezera ntchito kunja kwa dziko. Luso la manja likakhala osagwiritsidwa ntchito limazilala, ndipo ngongole ya ku banki m'khonde siidikira chilengezo cha boma.

Choncho pempho langa lipite kwa atatu. Aboma alembe ntchito anamwino amene dziko laphunzitsa kale, kuti m'wodi iliyonse yolandira ophunzira mukhale namwino amene ntchito yake ndi kuwaphunzitsa, osati kuwasiyira thireyi. Eni minda ya tiyi, a Eastern Produce, a Satemwa, a Conforzi, a Naming'omba, a Makandi ndi anzawo a mu Tea Association of Malawi, amene tizipatala tawo ta m'maesiteti timadalira anamwino omwewa, aganizire zoika thumba lokhazikika lolipirira ana a antchito awo amene akhoza kulowa unamwino, kuti akatsiriza adzatumikire kwawo konkuno. Ndipo inu owerenga, mukadzagona m'chipatala, kapena mukadzadikirira m'bale wanu, nimuona mwana wa yunifolomu ya wophunzira akunjenjemera dzanja pofuna mtsempha, musamukalipire kapena kumubweza. Muloleni ayese namwino wamkulu ali pambali pake, ndipo ngati palibe namwino wamkulu pambali pake, funsani akuluakulu a chipatalacho chifukwa chake.